Pamene Ogwira Ntchito ya Kireni Ophunzitsidwa Akubwerezabe Zolakwa Zomwezo

Vuto limene ndikufuna kukamba limaoneka motere. Kontrakitala wapambana tenda ya boma yomanga mlatho, chipatala kapena nyumba za maofesi, ndipo m'fayilo imene anapereka muli masatifiketi a woyendetsa kireni, a omanga katundu ndi a wopereka zizindikiro, onse odindidwa bwino lomwe. Ntchito ikayamba, sabata yachiwiri katundu akugwedezeka m'mwamba n'kuwomba khoma, sabata yachinayi lamba akuduka chitsulo chili pafupi ndi pansi, ndipo mwezi wotsatira mwendo wa kireni, chitsulo chimene imatambasula kuti ichirikizike pansi, ukutitimira m'dothi moti anthu akupulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Nthawi iliyonse akuluakulu amayankha mofanana. Amaitanitsa maphunziro ena a tsiku limodzi, anthu amasayina pepala losonyeza kuti analipo, kenako pakadutsa milungu ingapo cholakwa chomwe chija chimabwereranso.

Maphunziro obwereza amenewa sathetsa vutoli chifukwa salunjika pamene pali chilonda. Munthu amene wadulitsa lamba sanaiwale kuti katundu wolemera amapha. Chimene sakudziwa n'chakuti lamba yemweyo akapendekeka kwambiri amasenza kulemera kowirikiza, ndipo mfundo imeneyi sangaigwire atakhala m'chipinda n'kumaonera zithunzi za ngozi zimene zinagwera ena. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera malo a zomangamanga ndi kuphunzitsa magulu onyamula katundu, ndaona kuti cholakwa chilichonse chobwerezabwereza chimakhala ndi gwero lake, ndipo gwerolo limapezeka munthu akaima pambali pa kireni n'kufunsa mafunso ochepa ntchito ili m'kati.

Yambani mwatsimikiza kuti anthu a m'fayilo ndi omwe ali pansi pa ngowe

Musanayang'ane makina kapena zingwe, tengani fayilo ya masatifiketi, mupite nayo pamalo a ntchito m'mawa osauza aliyense, ndipo muyerekeze mayina ndi nkhope. Pa ntchito za boma pamadutsa miyezi yambiri kuchokera tsiku lopereka tenda kufika tsiku loyamba kunyamula katundu, ndipo pofika nthawi imeneyo ena mwa anthu amene masatifiketi awo anapambanitsa tendayo amakhala atapita kale kwina. Kireni nayonso kawirikawiri imakhala yobwereka, yobwera ndi woyendetsa wake amene sanagwirepo ntchito ndi gululo, pamene omanga katundu amakhala a kontrakitala wamng'ono amene analembedwa kuti aike zitsulo zokha. Zikatere, anthu amene moyo wa aliyense uli m'manja mwa mnzake amakumana koyamba katundu ali kale pangowe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo fayilo yokongola yabisapo nyerere zambiri pa ntchito zoterezi.

Ngakhale mayina atagwirizana ndi nkhope, funsani kuti satifiketiyo inaperekedwa pa makina a mtundu wanji. Amene anaphunzira pa kireni ya matayala sakhala wodziwa kireni ya nsanja kapena yoyenda ndi matcheni, ndipo ngakhale makireni awiri a mtundu umodzi amasiyana tchati cha kulemera (chosonyeza matani amene kireni ingasenze pa mtunda uliwonse), kompyuta yake ndi kakhazikitsidwe ka miyendo. Ku United States, bungwe la boma loona za chitetezo cha pantchito la OSHA linatulutsa malamulo atsopano a makireni a pa zomangamanga mu 2010, ndipo mu 2018 linawonjezerapo mfundo yakuti satifiketi yokha siyokwanira: wolemba ntchito ayenera kumuyesa yekha woyendetsayo pa makina amene akagwiritse ntchito ndi pa mtundu wa katundu amene akanyamule, n'kusunga zotsatira zake polemba. Mfundo imeneyi ndi yothandiza kulikonse, kaya lamulo la dziko likuitchula kapena ayi. Kuyesako sikufuna masiku ambiri. Munthu wodziwa ntchito aime naye pa kireniyo, amuuze akhazikitse miyendo, awerenge tchati pa utali wa mkono wosiyanasiyana, afotokoze tanthauzo la alamu iliyonse, kenako anyamule katundu wodziwika kulemera. Zimenezi zibwerezedwe nthawi iliyonse pakabwera munthu watsopano kapena kireni ina.

Alamu ya kulemera ikamalira kawirikawiri kapena kireni ikamanyamuka kumbuyo

Apa ndi pamene ndimakhalitsa kwambiri, chifukwa ndi pamene pamabisala zolakwa zochuluka. Tsiku lina ndinapeza gulu likukonzekera kunyamula chidutswa cha konkire chopangiratu, ndipo ndinafunsa anthu anayi, aliyense payekha, kuti chikulemera bwanji. Woyendetsa kireni anati matani awiri. Womanga katundu anati mwina awiri ndi theka. Kapitawo anati n'chofanana ndi chimene ananyamula dzulo lake, ndipo wachinayi anandiuza kuti kireniyo ndi ya matani 50, choncho panalibe chodetsa nkhawa. Tinatenga tepi n'kuyeza. Chinali cha mamita 3 m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi masentimita 25 kuchindikala kwake, kutanthauza kiyubiki mita imodzi ndi theka. Popeza konkire imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita, chidutswacho chinali cha makilogalamu 3,600, tisanawerengere ngowe, matcheni ndi zolumikizira. Anthu onse anayi anali ndi masatifiketi, koma palibe amene anali ataphunzitsidwa kuchita masamu amenewa ali chiimire, tepi ili m'manja.

Yankho la munthu wachinayi uja ndilo loopsa koposa. Nambala imene imalembedwa pambali pa kireni imagwira ntchito pokhapokha mkono uli waufupi ndiponso katundu ali pafupi kwambiri ndi makinawo. Chimene chimagubuduza kireni ndi kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pakati pa kireni kufika pamene ngowe yalendewera. Matani 5 ali pa mtunda wa mamita 6 amapereka 30, koma matani 5 omwewo akafika pa mamita 10 amapereka 50, ndipo kulemera kwa mkono weniweniwo kumawonjezekera pamenepo ukamatsika. N'chifukwa chake kireni imatha kunyamula katundu bwinobwino pamene wamutola, n'kuyamba kunyamuka kumbuyo pamene ikukamutula kutali. Mukafufuza vutoli, funsani ngati mtunda unayezedwa ndi tepi mpaka pamalo otulira katundu, osati potolera pokha. Nthawi zambiri mudzapeza kuti unangoyerekezedwa ndi maso.

Kukonza kwake kuli pa zinthu zochepa zimene ziyenera kulowa m'manja mwa gulu lonse, osati mwa woyendetsa yekha. Aliyense womanga katundu adziwe manambala atatu pamtima: madzi ndi makilogalamu 1,000 pa kiyubiki mita, konkire ndi pafupifupi 2,400, ndipo chitsulo ndi pafupifupi 7,850. Ndi nambala yomalizayi munthu atha kudziwa kuti chitsulo chafulati cha mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mamilimita 20 kuchindikala chimalemera makilogalamu 314. Katundu aliyense wopangiratu alembedwe kulemera kwake ndi penti asanafike pansi pa ngowe. Gulu lidziwenso kuti ngowe, zingwe, matcheni ndi mtanda wonyamulira (chitsulo chopingasa chimene malamba amalendewerapo) zimawerengedwa ngati mbali ya katundu powerenga tchati. Asanakweze katundu m'mwamba, amunyamule masentimita ochepa chabe kuchoka pansi, aime, woyendetsa awerenge kulemera kumene kompyuta ikuonetsa n'kukuyerekeza ndi kumene kunalembedwa m'pulani. Manambalawo akasiyana kwambiri, katundu abwerere pansi mpaka chifukwa chake chidziwike, chifukwa mwina paipi yadzaza matope, thanki ili ndi madzi, kapena chikombole choumbira konkire chidakali chomamatira. Katundu womata kapena wokwiririka sakokedwa ndi kireni, ndipo kireni sikokera katundu chammbali, chifukwa mkono wake unapangidwa kuti usenze kulemera kolunjika pansi.

Pali chinthu china chimene muyenera kuchifufuza mosanyengerera. Ngati alamu inkalira kale koma tsopano yasiya pamene ntchito ndi yomwe ija, onani ngati wina sanaitseke kapena sanalowetse m'kompyuta kakhazikitsidwe kosiyana ndi mmene kireni yaimira, mwachitsanzo kuiuza kuti miyendo yatambasulidwa yonse pamene yatambasulidwa theka. Kiyi wolambalalira chipangizo chimenechi asamakhale m'thumba la woyendetsa. Ndipo katundu aliyense wopitirira maperesenti 75 a mphamvu ya kireni pa mtunda umenewo, kapena wofuna makireni awiri, akhale ndi pulani yakeyake yolembedwa. Malire amenewa ndi amene amagwiritsidwa ntchito m'malamulo angapo, kuphatikizapo buku la chitetezo la EM 385-1-1 limene makontrakitala ogwirira ntchito nthambi ya zomangamanga ya asilikali a ku United States amatsatira.

Malamba ndi zingwe zikamaduka kapena kutha msanga

Chizolowezi chimene chilipo n'chodzudzula wogulitsa kuti anabweretsa malamba osalimba. Nthawi zina zimakhala zoona, koma musanafike pamenepo yang'anani kapendekekedwe ka lamba katundu ali m'mwamba. Katundu wa matani awiri akamangidwa ndi malamba awiri oimirira, aliyense amasenza tani imodzi. Malambawo akakumana pangowe imodzi n'kupanga madigiri 60 ndi pamwamba pa katunduyo, aliyense amasenza pafupifupi matani 1.15. Pa madigiri 45 amasenza matani 1.41, ndipo pa madigiri 30 aliyense amasenza matani awiri athunthu, ngati kuti mnzakeyo palibe. Gulu limene lili ndi malamba aafupi okhaokha limagwera m'vutoli tsiku ndi tsiku osazindikira, chifukwa limangowatambasula kuti afike kumapeto a katundu wamtali.

Womanga katundu sayenda ndi choyezera madigiri, choncho mumuphunzitse kuyeza ndi tepi kapena ndi maso ozolowera. Utali wa lamba ukakhala wofanana ndi mtunda wa pakati pa malo awiri amene wamangapo, ndiye kuti ali pa madigiri 60, ndipo pamenepo m'pabwino. Mtunda wochokera pa katundu kufika pangowe ukakhala theka la utali wa lamba, ndiye kuti wafika pa madigiri 30, ndipo pamenepo ayenera kutsitsa katundu n'kufuna malamba aatali kapena mtanda wonyamulira. Phunziro limene ndaona kuti silichoka m'mutu ndi lakuti anthu awiri agwire chingwe mbali ndi mbali, chidebe cha madzi chilendewere pakati, kenako ayambe kutalikirana pang'onopang'ono. Akamayesa kuwongola chingwecho, mikono yawo imawauza zimene tebulo la manambala linalephera kuwauza.

Pali zinanso ziwiri zimene zimasokoneza masamu. Lamba womangidwa mozungulira katundu n'kudzilowetsa yekha amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a mphamvu yake. Ndipo katundu wouma gwa, monga chitsulo chachikulu, akamangidwa ndi matcheni anayi, n'kutheka kuti awiri okha ndi amene akusenza pamene enawo akungomuwongolera, choncho musagawe kulemera kwake panayi.

Ngodya zakuthwa zimadula lamba wa ulusi ngati mpeni. Pa 15 March 2008, kireni ya nsanja inagwa mumzinda wa New York n'kupha anthu 7, pamene malamba a ulusi amene ananyamula chitsulo chomangirira nsanjayo ku nyumba anaduka. Ofufuza anapeza kuti malo omangapo anali ochepa poyerekeza ndi amene opanga kireniyo analamula, kuti malambawo sanatetezedwe ku ngodya za chitsulo, ndiponso kuti mmodzi mwa malambawo anali wotha kale. Palibe chimodzi mwa zinthu zitatuzi chimene chinali chovuta kuchiona. Mukamayendera malo a ntchito, tsegulani bokosi losungiramo zingwe n'kutulutsa chilichonse. Lamba wopanda chikwangwani chosonyeza mphamvu yake, wochekeka, wopsa kapena womangidwa mfundo achotsedwe, chimodzimodzinso chingwe cha waya chopindika, chophwanyika, chadzimbiri kwambiri kapena choduka mawaya angapo pamalo amodzi, komanso ngowe yoyasama kapena yopanda chotsekera chake. Chochotsedwacho chidulidwe pomwepo, chifukwa lamba woikidwa pambali ali wathunthu amabwerera pa ntchito tsiku limene malamba achepa. Ku Britain, malamulo a kanyamulidwe ka katundu otchedwa LOLER a mu 1998 amafuna kuti zomangira katundu ziunikidwe mokwanira ndi katswiri miyezi 6 iliyonse, ndipo makina onyamulira katundu miyezi 12 iliyonse, koma kuunika kumeneku sikulowa m'malo mwa kuyang'ana kwa womanga katundu asanagwiritse ntchito lamba aliyense.

Mwendo wa kireni ukamatitimira

Anthu ambiri amaganiza kuti kulemera kwa kireni kumagawika mofanana pa miyendo inayi. Mkono ukazungulira n'kulunjika pamwamba pa mwendo umodzi, mwendo umenewo umasenza gawo lalikulu la kulemera kwa makina ndi katundu pamodzi. Tiyerekeze kuti wasenza matani 20. Phazi lake likakhala la theka la mita mbali zonse, dothi likulandira matani 80 pa sikweya mita imodzi. Mukaika pansi pake chopondera cholimba cha mita imodzi ndi theka mbali zonse, kulemerako kumatsika kufika pansi pa matani 9 pa sikweya mita. Kusiyana kwake n'kwakukulu chonchi, komabe mudzapeza magulu akuyala timatabwa tiwiri totalikirana, timene timathyoka kapena kuterereka.

Funsani kuti ndani anauza woyendetsa za zimene zili pansi pa dothi. Pa ntchito za boma pamakhala ngalande zokwiriridwa chaposachedwa, mapaipi akale a madzi ndi a zimbudzi, matanki ndi mayenje a nthambo, ndipo mapu a zimenezi amakhala ndi mwini ntchito kapena injiniya, osati ndi kampani yobwereketsa kireni. Udindo wopereka uthenga umenewu ulembedwe dzina la munthu mmodzi. Kireni isaime m'mphepete mwa dzenje, ikhale yowongoka poiyeza ndi levulo, ndipo mvula ikagwa malowo aunikidwenso ngati atsopano, chifukwa dothi limene linali louma Lolemba silikhala lomwelo Lachitatu.

Katundu akamapita kumene sanatumidwe

Gwero la vutoli limaoneka msanga. Imani patali n'kuwerenga anthu amene akukweza manja kapena kukuwira woyendetsa. Akapitirira mmodzi, mwalipeza. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi, wovala chovala chosiyana ndi cha ena onse, ndipo asakhale ndi ntchito ina pa nthawiyo. Chizindikiro choimitsa chokha ndi chimene woyendetsa angalandire kwa munthu aliyense. Popeza anthu ophunzira m'malo osiyana amabwera ndi zizindikiro zosiyanako, woyendetsa ndi wopereka zizindikiro azibwereze zonse pamodzi asanayambe, maso ndi maso. Akamagwiritsa ntchito wailesi, njira yake ikhale ya iwo okha, mawu akhale ogwirizanirana kale m'chinenero chimene onse akumva bwino, kumanja ndi kumanzere zitchulidwe monga mmene woyendetsa akuonera, ndipo mawu akangoduka woyendetsa aime mpaka alumikizanenso. Katundu aziwongoleredwa ndi chingwe chachitali munthu ali patali, osati ndi manja, ndipo malo amene zitsulo zolemera zakumbuyo kwa kireni zimazungulira atchingidwe.

Nthambo za magetsi ndi mphepo

Magetsi amphamvu amatha kulumpha mkono wa kireni usanakhudze nthambo, ndipo amene amafa kawirikawiri ndi munthu wapansi amene wagwira katundu kapena chingwe. Malamulo a OSHA aja amaika malire a pafupifupi mamita atatu pa nthambo zosapitirira mavoti 50,000 (50 kV), ndipo malirewo amakula mphamvu ya magetsi ikamakwera. Vuto limene limabwerezabwereza ndi lakuti woyendetsa sangathe kuyeza mtunda umenewu ndi maso ali m'chipinda chake, chifukwa nthambo imasowa pakati pa kuwala kwa thambo. Njira yabwino koposa ndi kupempha eni magetsi kuti azimitse kapena asamutse nthambozo, ndipo pempho lotere liyenera kupita milungu ingapo ntchito isanafike pamenepo. Zikakanika, pakhale zotchinga zooneka bwino ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana mtundawo basi. Gulu liyesererenso zochita ngozi ikachitika: woyendetsa asatuluke m'chipinda chake pokhapokha ngati moto wabuka, apansi asathamangire kukamuthandiza, ndipo wokakamizika kutsika alumphe osakhudza makina ndi dothi nthawi imodzi, kenako achoke mokwekwereza mapazi ali pamodzi.

Za mphepo, mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi, ndipo katundu wotambalala monga denga kapena chikombole amakodwa ndi mphepo kuposa chitsulo cholemera chaching'ono. Pa 14 July 1999, kireni yaikulu yotchedwa Big Blue inagwa pa bwalo la masewera la Miller Park ku Milwaukee, ku United States, ikunyamula chigawo cha denga cha matani pafupifupi 400 mphepo ikuwomba mwamphamvu, ndipo amisiri atatu a zitsulo anafa. Pa 11 September 2015, kireni ina inagwera mumzikiti waukulu wa ku Mecca pa nthawi ya mkuntho n'kupha anthu oposa 100, ndipo imeneyo sinali kunyamula katundu pa nthawiyo. Choncho fufuzani zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pali choyezera mphepo pamwamba pa mkono, osati pansi pamene nyumba zikutchinga, ndiponso ngati gulu likudziwa malire amene opanga kireniyo anaika. Chachiwiri, ngati pali malangizo a mmene kireni iyenera kusiyidwira ikaweruka ntchito, kuphatikizapo kutsitsa mkono kapena kuimasula kuti izizungulira motsatira mphepo malinga ndi mtundu wake.

Aliyense akudziwa cholakwa koma palibe akuimitsa ntchito

Mukafufuza zonsezi n'kupeza kuti anthu akudziwa masamu, akudziwa malire, koma akupitirizabe kunyamula, ndiye kuti vuto silili m'maphunziro. Lili m'kontrakiti ndi m'kayendetsedwe ka ntchito. Makontrakiti a boma nthawi zambiri amakhala ndi chindapusa cha tsiku lililonse limene ntchito yachedwa, kireni yobwereka imalipidwa pa ola kaya yanyamula kanthu kapena ayi, ndipo kontrakitala amene anapambana chifukwa cha mtengo wotsika amakhala atachepetsa kale ndalama za zopondera, za malamba aatali ndi za munthu woyang'ana nthambo. Womanga katundu waganyu amene waona lamba wochekeka amayeza zinthu ziwiri mumtima mwake, ngozi imene mwina ichitika ndi kuchotsedwa ntchito kumene akudziwa kuti kuchitika, ndipo amakhala chete. Sindimuimba mlandu munthu ameneyu, chifukwa kusankha kotere sikuyenera kuikidwa pamapewa pake.

Apa mwini ntchito, amene ndi boma, ali ndi mphamvu zambiri kuposa mmene amazigwiritsira ntchito. Pangano nambala 167 la bungwe la dziko lonse loona za ntchito la ILO, la mu 1988, lokhudza chitetezo ndi thanzi pa zomangamanga, limanena kuti wogwira ntchito ali ndi ufulu wochoka pamalo pamene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti pali ngozi yaikulu yoyandikira. Ufulu umenewu umagwira ntchito pokhapokha kontrakiti itaupatsa malo. Zofunika pa chitetezo cha kanyamulidwe ka katundu zikhale ndi mzere wakewake pa ndandanda ya mitengo, kuti opikisana pa tenda asamapambane pozichotsa. Masiku otayika chifukwa cha mphepo yopitirira malire kapena kudikira kuzimitsidwa kwa magetsi asawerengedwe ngati kuchedwa kwa kontrakitala. Pakhale munthu mmodzi wotchulidwa dzina amene amakonza ndi kuvomereza mapulani onse a kanyamulidwe, monga mmene muyezo wa ku Britain wa BS 7121 umafunira, ndipo munthu ameneyu asakhale yemweyo amene akuthamangitsa ntchito kuti ithe msanga. Wosintha aliyense wa woyendetsa, womanga katundu kapena wopereka zizindikiro adziwike kwa injiniya wa boma asanayambe ntchito. Ndipo pamene munthu waimitsa ntchito, kapitawo amuthokoze pamaso pa anzake ngakhale zitapezeka kuti panalibe vuto, chifukwa gulu lonse limaphunzira kuchokera pa zimene zachitikira munthu woyamba kulankhula.

Kudziwa ngati kukonzako kwagwira kumafuna kudekha pang'ono. Malipoti a ngozi zimene zinatsala pang'ono kuchitika akayamba kuchuluka m'milungu yoyambirira, musadabwe kapena kulanga aliyense, chifukwa kawirikawiri zimasonyeza kuti zimene zinkabisidwa zayamba kunenedwa. Werengani malipotiwo mwezi uliwonse n'kuwaika m'magulu, a kulemera paokha, a malamba paokha, a dothi paokha, ndipo gulu limene lachuluka ndilo likhale phunziro lotsatira, lophunzitsidwira pambali pa kireni yomweyo ndi katundu yemweyo amene anyamulidwe sabata imeneyo. Pakatha mwezi bwereraninso osauza aliyense, sankhani katundu amene akudikira kunyamulidwa, ndipo funsani anthu anayi, aliyense payekha, kuti akulemera bwanji, akukatulidwa pa mtunda wa mamita angati, ndiponso kuti tchati chikulola matani angati pa mtunda umenewo. Mayankho akagwirizana, pitani ku vuto lina. Akasiyana, katunduyo akhale pansi, tepi ituluke, ndipo muyezere limodzi.